Mtedza wa Aphunzitsi a ku Norway

Chitini chija chinali chofiira, chopindika pakamwa, ndipo mkati mwake munkalira mtedza wokazinga. Ndachikumbukira dzulo pano pa Woolwich, kutsidya kwa nyanja kuno. Mwana wanga, yemwe ndi nesi, anali pa tebulo kuphunzira chinenero cha ku Norway, akuti uko ntchito iliko. Atangotchula liwu limodzi, manja angawa anayamba kuwomba okha.

Ndinali kamtsikana, chaka chimene chimanga chinauma chisanamasule. Ku mishoni kunali mayi wa ku Norway, wamtali, mphuno yosupuka ndi dzuwa. Tinkangoti Aphunzitsi. Kaphunzitsidwe kawo kanali aka: liwu lililonse tiziliduladula powomba m'manja, chidutswa chimodzi, njere imodzi ya mtedza. Wadula bwino, wadya.

Anzanga ankadula "mbu-zi", n'kumeza njere ziwirizo pomwepo. Ine kunyumba ndinali ndi mng'ono wanga, mimba itatupa, tsitsi litafiira. Ndiye ndinachenjera, ndinapempha mawu a kwawo. Anthu amenewo amalumikiza mawu awiri kapena atatu n'kukhala limodzi, lalitali ngati njira ya kuchigayo. "Menya mwamphamvu poyamba," ankatero Aphunzitsi, "kwinako ungotsetsereka." SY-ke-hus, chipatala, njere zitatu. BAR-ne-sy-ke-hus, chipatala cha ana, zisanu. Ukamenya pakati, wagona nayo njala.

Mtedzawo ndinkaumanga pansonga ya nsalu, osalawa, malovu atadzaza m'kamwa. Amayi ankayamba autafuna, n'kumuika mwanayo pa lilime. Zilembo za pa bolodi sindinaziyang'ane ndi tsiku limodzi lomwe. N'chifukwa chake lero kalata ya kuchipatala amachita kundiwerengera adzukulu. Kudandaula ayi, njala siphunzitsa zinthu ziwiri.

Tsiku lina wina anadzanong'oneza Aphunzitsi pa windo. Anandiitana, osandipatsa liwu lililonse, n'kundikhuthulira chitini chonse m'manja, misozi ili lengelenge. Ndinathamangira kunyumba, ndikuti lero mwana akhuta.

Ndinapeza amalume pabwalo akudula mphasa pakati ndi mpeni. Azimayi anali atadzaza m'nyumba, amayi osaoneka.

"Pita ukasewere," anatero amalume, osandiyang'ana.

Ndinaima pomwepo, mtedza uli m'manja, ndikudikira kuti wina autafune.

Kusukulu sindinabwererenso. Ndinawakwiyira Aphunzitsi mpaka mvula inagwa. Ndinkayesa kuti anali ndi liwu lina, lalitali kuposa onse, lokwanira kudzutsa mwana, koma anandibisira.