Wani Koloko ya Kwa Eni

Pamsika aliyense ankangowatchula kuti aMawotchi. Kwa zaka makumi atatu ankakhala pa kabenchi kamodzimodzi, pakati pa telala ndi wometa, kagalasi kali padiso, akutokosa m'mimba mwa mawotchi a anthu. Ankadzitama kuti nthawi sinawapusitsepo.

Mwana wawo wamkazi, namwino kutsidya kwa nyanja, atabereka mwana wake woyamba anatumiza tikiti ya ndege kuti amayi ake apite akamuthandize. Mayiwo ankadwala mtima, ndipo ngakhale basi ya maola awiri inkawatupitsa miyendo. AMawotchi anawerenga pepala la ulendo mobwereza: kunyamuka sikisi koloko m'mawa, kufika wani koloko masana.

"Maola seveni okha, mayi. Mupirira," anatero powaperekeza.

Wani koloko itakwana anaika foni pabenchi. Thu koloko, zii. Anayesa ya akazi awo, yozima. AMawotchi sanafune kuimbira mwana wawo uja. Munthu wochira dzana samuopseza. Pofika fili koloko anagwetsa kasipuling'i ka wotchi ya mwini, n'kuyamba kukwawa pansi kukafunafuna.

Telala uja, yemwe anali mng'ono wa akazi awo, anaimitsa makina.

"Alamu, mwatani? Mwameza batire?"

"Akulu anu sanafike mpaka pano. Ndiye mankhwala awo ndinalongedza m'chikwama chachikulu, chija amachiika kunsi kwa ndege. Ndi manja angawa."

Telalayo anatenga pepala lija n'kuliyang'anitsitsa.

"Wani koloko imeneyi ndi ya kwa eni, alamu, si yakuno. Kumeneko kumacha mochedwa ndi maola sikisi. Makilomita oposa teni sauzande inu mumati auluke ngati akukagula mchere?"

AMawotchi anawerengera pa zala. Maola khumi ndi atatu. Manyazi anawagwira, koma mantha ndiwo anakula: tsiku lathunthu m'mwamba, pamwamba pa madzi okhaokha, popanda ndi piritsi limodzi lomwe. Anaweruka msanga. Kunyumba anakhala m'mphepete mwa bedi nsapato zili kuphazi, akutsegula ndi kutseka kabati mmene munkakhala mankhwalawo. Ndege iliyonse ikamveka kunja ankathamangira pawindo, ngakhale ankadziwa kuti si imeneyo.

Seveni koloko inadutsa. Hafu pasiti inadutsanso. Kenako foni inalira.

"Ndafika, bambo. Miyendo ili ngati mitondo, koma ndafika."

"Mankhwala! Mwatsegula chikwama?"

"Aa, ndinawachotsa inu muli kubafa, n'kuwaika m'kachikwama kam'manja. Mumayesa ndine mwana? Nanga inu mwadya?"

Chapatali mufonimo munamveka kulira kwa khanda, kosasa mawu, kokwiya.

"Ndi ameneyo?" anafunsa.

"Ndi ameneyo. Mkamwa ngati agogo ake aamuna."

"Tamuyandikizani foniyo," anatero aMawotchi, akuvula nsapato ndi dzanja limodzi.