Anyani Sadikira Ameni

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu, amene anandilezera mtima pa kupusa kwanga, nandisiyirako chimanga choti ana adye.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kutchalitchi kwathu ku Shikabeta kunabwera mlaliki wochokera ku Lusaka. Anali ndi wotchi pamkono ndi nsapato zosadziwa matope. Anatiphunzitsa kuti Mkhristu weniweni amadzitsekera m'chipinda ola lathunthu dzuwa likangotuluka, maso ali chitsinzire, ndipo wosatero ndi wofunda, woyenera kulavulidwa. Tinaomba m'manja. Palibe anamuuza kuti uno ndi Malichi, chimanga chakhwima, ndipo nthawi imene akuitchulayo ndi imene anyani amatsika m'phiri.

Munda wathu unali m'tsinde mwa phirilo. Amuna anga anali ku Mpanshya, kudwazika amayi awo kuchipatala, motero mlonda ndinali ine ndekha. Koma ndinaopa kulavulidwa. Masiku atatu, m'mawa uliwonse, ndinkatseka chitseko n'kugwada, ndipo poti wotchi ndinalibe, ndinkapitiriza mpaka maondo atachita dzanzi.

Tsiku lachitatu mlongo wa amuna anga anagogoda.

"Alamu, mwatha kucheza ndi angelo? Alendo anu kumunda akhuta. Akufunsa ngati kuli ndiwo."

Ndinathamanga. Mizere ya kumtunda yonse inali mapesi othyoka ndi zitsononkho. Nyani sadya mwaulemu: amaluma kamodzi, kutaya, kuthyola china.

Mtsogoleri wa amayi kutchalitchi atamva anati, "Ndi chiyeso chabe, amayi, musabwerere m'mbuyo." Iwo munda wawo unali kuseri kwa nyumba, agalu anayi ali pakhomo. Kulimba mtima sikuvuta pamene chikudyedwa ndi chimanga cha mnzako. Mlaliki naye anabwerera kwawo ndi thumba la chimanga chachiwisi, mphatso ya mpingo, chochokera m'minda ya ofunda omwewo amene sanamumvere.

Komabe wopusa wamkulu ndinali ine. Ndinkadziwa bwino kuti omanga linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda. Ndinkadziwa kuti mbusa woimba masalimo sanatsekere nkhosa kunja kuti mkango uzidye. Ndinasiya zonsezi chifukwa cha munthu wa wotchi.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinakwera pansanja ya kumunda, Baibulo pamiyendo, chitini ndi ndodo pambali. Ndinkawerenga ndime imodzi, kuyang'ana kuphiri, kupempherera apongozi anga, kumenya chitini. Nthawi zina pemphero linkaduka pakati ndi "Choka, iwe!" Ambuye ankadziwa amene ndikumuuza. Ndinakhala pansanjapo mpaka kukolola, ndipo chimene chinatsala chinatifikitsa ku mvula yoyamba.

Inu owerenga, amene dzuwa limakutulukirani muli kale pantchito, Mulungu akumvereni pomwe mulipo, manja ali otanganidwa. Asunge minda yanu ndi ana anu, ndipo akupatseni mtendere wake. Ameni.