Tsiku Limene Azakhali Anandionetsa Boma

Chaka chimene maso a azakhali anga anayamba kuchita khungu, ine ndinkalemba nthano yachilendo. Munthu wa m'nthanoyo ankatsetsereka panjinga kuchokera pa Ntcheu boma kupita ku Bwanje, ndipo akangokhota ankapezeka ali m'zaka zamakedzana. Anzanga ankati mutu wandizungulira. Azakhali okha ndiwo anamvetsera mpaka kumapeto ndikuwawerengera pakhonde.

"Mawa upite nane ku bomako," anatero. "Nanenso ndikaone."

Tinakwera minibasi pa Biriwiri. Titatsika anandigwira mkono, koma wotsogolera anali iwowo.

"Apa pali mkuyu waukulu, eti?"

"Ayi azakhali, pano amagulitsa petulo."

"Iwe, ndikuuona ine. Mbatata ndinkagulitsira pansi pake."

Ndinaleka kutsutsa. Tinapangana kuti iwo azinena zakale, ine ndizinena zalero. Pamene ine ndinkaona mashopu a mafoni, iwo ankaona khola la ng'ombe ndi kanjira kamatope kamene amuna awo anawayankhulira koyamba, manyazi atawagwira, chipewa chili m'manja. Galimoto zinkatiimbira hutala, ife osalabada.

Tinafika pa shopu ina yakale ya nsalu. Azakhali anapapasa chitseko n'kuitana mwini wake. Panatuluka bambo wachisilamu wa imvi, atavala kofia yoyera.

"Bambo anatisiya kalekale, mayi. Ine ndine mwana wawo."

"Iwe? Wamamina uja unkabisala kuseri kwa matumba a mchere?"

Bamboyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anawakokera mpando, naitanitsa tiyi. Azakhali anafunsa chitenje chabuluu cha mbalame, chonga chimene anavala paukwati wawo. Iye anatsitsa nsalu zonse za pashelefu, koma cha mtunduwo panalibe. Anapeza chabuluu cha maluwa.

"Mayi, mbalame zija zinauluka. Atsala ndi maluwa."

Azakhali anachisisita ndi zala, nachinunkhiza. "Chomwechi ndatenga."

Pobwerera, m'minibasi munali thithithi. Azakhali anakhala pawindo, chitenje chili pamiyendo, n'kuyamba kuuza aliyense kuti boma silinasinthe ngakhale pang'ono. Mayi wina amene ananyamula nkhuku anatsegula pakamwa kuti atsutse. Ndinamugunyuza ndi chigongono. Anandiyang'ana, nayang'ana maso a azakhali.

"Zoona amayi," anatero. "Lili momwemo."