Makina Otsimphina

Mphepo ya nyengo yozizira imadzuka dzuwa likangokwera pang'ono, ndipo sidikira munthu. Ikamayamba kugwedeza malata a shedi, matanga akhale atamangidwa kale, mabawuti atalimbitsidwa. Chaka chimenecho inali itayamba kufooka. Mitengo inali itayoyola masamba, ndipo odziwa ankati yatsala ndi masiku owerengeka.

M'shedimo munkagwira ntchito a Sikelo. Dzinali analitenga kumsika, kumene anakhala zaka makumi awiri akukonza masikelo a ogulitsa nyama ndi misomali. Atabwera masikelo a mabatire ntchito inatha, iwo n'kunyamula zitsulo zawo kupita kugombe, kumene anthu amabwereka mathabwa oyenda ndi thanga. Ena mwa mathabwawo ali ndi ndodo yaitali kunsi, ndipo kumapeto kwake kuli mapiko awiri, lalikulu kutsogolo, laling'ono kumbuyo. Liwiro likakwana, mapikowo amanyamula thabwa, munthu n'kumayenda m'mwamba, madzi ali pansi.

A Sikelo sankadziwa kusambira, ndipo thabwa sanalikwerepo. Wophunzira akatuluka m'madzi ankangomufunsa kuti, "Ukuwawa ndi mwendo uti?" Ukakhala wakumbuyo, ndiye kuti mapiko sakunyamula mokwanira. Ukakhala wakutsogolo, akunyamula mopyola, ndipo munthu akulimbana ndi mphuno ya thabwa kuti isadzuke. Ankasintha chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, n'kulemba kamzere ka pensulo pamene chafika.

Mwana wawo wamkazi ankasoka matanga ong'ambika kuseri kwa shedi, pa makina opalasa ndi mapazi. Mwini shedi, bambo wonenepa waphokoso, anali atamuuza kuti akauluka ndi thabwa kuchokera pagombe mpaka pa chigubu chofiira choyandama, osagwa, mphepo isanathe, chaka chamawa adzakhala mphunzitsi wa amayi ndi atsikana. Akalephera, adzalembedwa wina, iye n'kukhalabe pamakina. Anamubwereka thabwa limene ankakwera iye mwini.

Masiku anayi thabwalo linkadzuka ngati mbuzi yokana chingwe, phiko n'kutulukira pamwamba, mtsikanayo m'madzi phava!

"Mwendo uti?" ankafunsa a Sikelo.

"Palibe, Ababa. Ndili bwinobwino."

Iwo ankadziwa kuti thabwalo analikonzera munthu wolemera. Koma madzi ankawaopa, ndipo tsiku loyamba anali atanena kuti, "Ukangovulala, basi." Yankho la mwanayo linkawakomera. Mumtima ankati atopa yekha, abwerera pouma. Sanakhudze bawuti ngakhale imodzi.

Tsiku lachisanu m'mawa, mphepo isanadzuke, anamva makina akulira mosayenera: kugunda kamodzi, kupuma, kugundanso. Anapita kuseri. Mwanayo ankapalasa ndi phazi lamanja lokha. Mwendo wamanzere, umene unkakhala kutsogolo popita kuchigubu, anali atautambasulira pambali. Pamsomali panali jekete yake yoyandamitsa, yokonzeka kale.

"Makina ako akutsimphina," anatero.

"Ndi lamba, Ababa."

"Lamba ali ndi bondo? Taponda ndi wamanzere ndione."

Anaponda, n'kuluma mlomo.

"Munati ndikavulala ndisiye," anatero mtsikanayo, maso ali pansalu. "Ine sindisiya. Kaya mukonza, kaya simukonza, lero ndilowanso."

 A Sikelo anatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi.

"Uku si kuvulala, mayi. Thabwa lija ndinalikonzera matumba awiri a simenti. Iwe ndiwe thumba limodzi, lotapako kale. Ndinayenera kulisintha tsiku loyamba lomwe."

"Ndamva zimenezo, a Sikelo!" anakuwa mwini shedi ali pakhomo.

"Nsapato sindinawerengere, bwana."

Anamasula tsinde la mlongoti wa thanga, n'kulisunthira kutsogolo zala ziwiri kuti lizipanikiza mphuno ya thabwa. Anamanga, analemba kamzere. Malata anayamba kugwedera.

Mtsikanayo analowa m'madzi. Thabwa linanyamuka modekha, linayenda m'mwamba mpaka theka la ulendo, kenako mphuno inadzuka, iye n'kugwa. Anabwerera akutsokomola madzi.

"Mwendo uti?"

"Wakutsogolo, Ababa. Koma wachepa."

"Sinthani zonse kamodzi, akulu," anatero mwini shedi, akuyang'ana mbendera imene inkayamba kulefuka. "Zomangira mapazi, mapiko, zonse. Mphepo ikupita iyi."

"Ndikasintha zitatu, akagwa ndidziwa kuti chamugwetsa n'chiti?"

A Sikelo anatembenuza thabwa pa matayala akale. M'chitini chawo cha kumsika anasankha kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo. Anamasula phiko laling'ono, anapukuta mchenga ndi chala, analowetsa kachitsuloko pansi pake kuti phikolo lichepetse kukweza mphuno. Anamanga mabawuti mosinthanitsa, iyi pang'ono, iyo pang'ono. Kenako ananyamula thabwalo okha n'kulowa nalo m'madzi mpaka m'chiuno, kumene anali asanafikeko chibwerere kugombeko.

"Usayang'ane mapazi. Yang'ana chigubu."

Mphepo inachedwa. Mtsikanayo anaima pathabwa, thanga lili lende. Kenako madzi anada chapatali, kusonyeza kuti mphepo ikubwera, ndipo mdimawo unkayandikira. Iye anakoka thanga kawiri, katatu. Thabwa linathamanga, phokoso la madzi n'kuzima. Linakwera pang'ono, linakhazikika, mphuno ili chigonere. Linadutsa pamene anagwera paja. Linafika pa chigubu chofiira, n'kutera pang'onopang'ono kuseri kwake, iye ali chiimire.

Mwini shedi anaponya chipewa pamchenga, akukuwa kuti aphunzitsi apezeka.

Mtsikanayo atabwerera, madzi akuchucha m'tsitsi, a Sikelo anafunsa, "Mwendo uti?"

"Yonse iwiri, Ababa. Mofanana."

A Sikelo anakokera thabwa pamatayala. Anayesa bawuti iliyonse ndi sipanala. Anachotsa pensulo kukhutu, anainyowetsa palilime, n'kudetsa kamzere katsopano kaja kuti kasafufutike.