Chilimwe Chimene Bambo Ankayeza Maboti

Bambo anali ndi tepi yoyezera yachikasu, ija yachitsulo imene imabwerera yokha m'kabokosi kake n'kukuluma chala ukapanda kusamala. M'nyumba mwathu ku Springfield munalibe choyeza. Tinkachita lendi, ndipo ngakhale kukhoma msomali pakhoma kunali koletsedwa. Koma chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tepi ija sinkachoka m'thumba mwawo, ndipo Loweruka lililonse ankalawirira kuti akukaona maboti.

Mayi sanakhulupirire. Munthu woti zaka khumi ndi ziwiri ali ku Amereka sanagwirepo mbedza, lero akufuna boti lokawedzera kunyanja yamchere ya Chesapeake? Ankati boti limenelo liyenera kuti limavala diresi. Malaya a bambo ankayamba awanunkhiza asanawaponye m'makina ochapira. Loweruka lachitatu anandiveka nsapato n'kundikankhira m'galimoto, atandinong'oneza kuti ndikatsegule maso, ndikabwerako ndidzawauze zonse, makamaka ngati kuli mzimayi. Lero ndikudziwa kuti mwana satumidwa ntchito yotere. Nthawi imeneyo ndinanyada kwambiri.

Tinkadzera ku Fairfax kukatenga amalume, achimwene awo a mayi, ndipo mkangano unkayamba asanatseke n'chitseko chomwe. Bambo ankafuna la aluminiyamu. Ankati ndi lopepuka, kagalimoto kathu kakhoza kulikoka, ndipo likagunda mwala limangopindika, iwe n'kuliwongola ndi hamala. Amalume ankakakamira la fayiba, lija looneka ngati pulasitiki yolimba. Ankati ndi lolemera, limakhazikika pamafunde, mchere sulikhudza, pomwe aluminiyamu mchere umamudya pang'onopang'ono kuyambira m'misomali. Ankaonjeza kuti la aluminiyamu limasokosera mpaka nsomba kuthawa, ndipo dzuwa likakula umakhala ngati uli pachiwaya. Amalumewo madzi ambiri amene ankawadziwa anali a m'bafa, koma ankalankhula ngati anabadwira m'bwato.

Maboti tinkawapeza kuseri kwa nyumba za anthu, atakwezedwa pangolo, atafunditsidwa malona. Mwiniwake akavundukula, munkatuluka fungo la madzi ogonera, masamba owola ndi petulo wakale. Likakhala la fayiba, bambo ankagogoda pansi pake ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, khutu atatchera, ndipo nthawi zonse ankapeza pofewa poti akanirepo. Likakhala la aluminiyamu ankatulutsa tepi. Mulitali, mulifupi, kuchokera pansi kufika pamwamba. Kenako ankafunsa kulemera kwake injini itachotsedwa. Za nsomba sindinawamve akufunsa ngakhale kamodzi.

Ine zimenezo sindinkazilabadira. Ndinkasaka mzimayi. Wina anatipatsa madzi a mandimu, ndinamuyang'anitsitsa mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Wina anaseka nthabwala ya bambo, imene sinali yoseketsa n'komwe, ndipo ndinaloweza mtundu wa tsitsi lake. Madzulo mayi ankanditengera kuchipinda n'kundipanikiza mafunso: anali wamsinkhu wanji, bambo anaima pafupi bwanji, foni inalira kangati. Ndikanena za tepi ankandidula kuti zimenezo n'zophimba anthu m'maso.

Amalume nawonso ndimawakayikira mpaka lero. Boti silinali lawo, koma ankalimbira fayiba mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Ndimaganiza kuti anali atanunkhiza kanthu, ndipo ankafuna kuti mlamu wawo agule chinthu cholemera, chovuta kusamutsa. Ndinawafunsapo nditakula. Anangoti zakale sizifukulidwa.

Chakumapeto kwa Ogasiti tinapita kutali, ku Maryland, kumene mphepo inkamveka mchere pamilomo. Wogulitsa anali mzungu wachikulire, wamanja ong'aluka. Boti lake linali la aluminiyamu, lotuwa, lokhala ndi mipando itatu yopingasa. Bambo anayeza, n'kuyezanso, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Mkuluyo anali wachilungamo. Anawaonetsa timadontho toyera ngati ufa m'mbali mwa misomali, n'kuwachenjeza kuti akamapita nalo kumadzi amchere azilitsuka ndi madzi abwino tsiku lililonse, apo ayi pakatha zaka zochepa lizilowetsa madzi ngati sefa. Amalume anawomba m'manja kuti mwamva nokha.

Ine ndinali nditakhala pampando wapakati, chitsulo chikundiotcha ntchafu. Popeza ndinkayankha m'Chingerezi nthawi zonse, akuluakulu ankaiwala kuti Chichewa ndimamva. Bambo anatembenukira kwa amalume, osatsitsa n'mawu omwe.

"Alamu, musavutike. Kumene likupitako kulibe mchere."

Amalume anandiyang'ana, kenako anayang'ana nsapato zawo. Ulendo wonse wobwerera, boti likugubuduka kumbuyo kwathu, sanatchulenso fayiba.

Boti limenelo silinalawe madzi a Chesapeake. Mu Okutobala linalowa m'kontena yotumizira katundu pasitima yapamadzi, ndipo linakwana bwinobwino monga tepi inanenera. Bambo analitsatira Khirisimasi isanafike, akuti akukangoliona ngati lafika bwino kwawo ku Nkhotakota, kumene nyanja yake ilibe mchere, ndipo abwera pakatha miyezi itatu. Sanabwerenso. Anali atatopa ndi dziko lino kalekale, koma analibe mtima wotiuza maso ndi maso. Zinandipweteka kwambiri, ndipo kuwakhululukira kunanditengera zaka zambiri.

Koma tsiku limene tinagula botilo ndinalowa m'nyumba ndikuthamanga. Mayi ankapinda zovala pasofa. Ndinawauza kuti asadandaulenso, mzimayi kulibe, ndafufuza paliponse. Ndinaonjeza kuti ngakhale boti lathu silidzawonongeka, chifukwa bambo anena okha. Anandifunsa kuti anena chiyani.

"Ndiuze momwe ananenera, mwanawe. Osati m'Chizungu."

Ndinabwereza mawu aja limodzilimodzi m'Chichewa changa chopindika, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anandifunsa za tepi, kwa nthawi yoyamba, kuti bambo ankayeza chiyani ndi chiyani. Ndinawaonetsa ndi manja. Malaya a bambo amene anali m'manja mwawo anawaika pambali osawapinda, n'kukhala pansi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kudikira kuti andithokoze. Sindinkamvetsa chifukwa chake munthu angalire atauzidwa kuti mzimayi kulibe.