Viza ya Mayi Sipanala

Inu amene mwakanidwa chinachake sabata ino, khalani pansi ndikuuzeni za mayi wina wowotcherera zitsulo, amene anthu anangomupatsa dzina loti Sipanala.

Tsiku limene anamukaniza viza, Sipanala anatuluka mu ofesi ya kazembe. M'pasipoti mwake anamuikira kapepala kamodzi konena kuti sakukhulupirira kuti adzabwerera kwawo. Anakhala pa benchi yodikirira basi. Basi zitatu zinadutsa, iye osakwera.

Kulephera sikunali kwachilendo kwa iye. Mayeso a sekondale anawalephera kawiri. Kuwotcherera anakuphunzira chifukwa cha bambo ake, amene anadulidwa miyendo pa ngozi ya galimoto. Atatopa kuwaona akukwawa pakhonde, anatola mafelemu a njinga zakutha nawalumikiza mpaka anapanga njinga ya olumala. Yoyambayo inkakhotera kumanzere ngati yaledzera, koma bambo anayenda.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi, njinga zake zinali m'makomo oposa mazana awiri. Dokotala wina wa mafupa anatumiza zithunzi zake kwa okonza msonkhano waukulu kunja kwa dziko, ndipo iwo anamuitana kuti akayankhule pamaso pa akatswiri a maiko ambiri. Tikiti ndi malo ogona zinali kwa iwo. Koma tsopano viza yakanika, msonkhano utatsala masabata asanu ndi limodzi.

Kunyumba, mlamu wake, mphunzitsi wopuma pantchito, anawerenga kapepalako kawiri.

"Mlamu, munawapatsa chiyani anthuwa?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Kalata yondiitana ija."

"Basi?"

"Basi. Nanga si anandiitana okha?"

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. "Inu munapangapo njinga ya tayala limodzi? Anthuwa sanakane inuyo, akana fayilo yanu. Mawa tiyambiranso."

M'mawa mwake aphunzitsi analemba ndi choko zonse zofunika pa chitseko cha shedi yowotchereramo zitsulo. Okonza msonkhano anatumiza kalata yatsopano yokhala ndi nambala ya pasipoti, masiku enieni, dzina la hotela ndi mawu oti ulendo wonse ndi wawo. Dokotala uja analemba kalata yofotokoza ntchito yake. Sipanala anawonjezera satifiketi ya bizinesi, inshuwalansi ya paulendo ndi khadi la katemera. Chikapezeka chimodzi, Sipanala ankachidula mzere kwinaku akuvina.

Zithunzi anajambulitsa katatu. Koyamba anamwetulira mano onse panja. Kachiwiri duku linabisa makutu. Kachitatu wojambula anati, "Amayi, ganizani za munthu amene anakupsetsani mtima." Chithunzi chinatuluka bwino.

Fomu ya pa intaneti inawadukira pa tsamba lomaliza, anayambiranso. Masiku okaonana ndi akuluakulu a viza anali odzaza onse. Sipanala ankayang'ana pa foni m'mawa uliwonse asanayatse makina, mpaka tsiku lina malo amodzi anatseguka. Anawagwira ngati mphamba.

Tsikulo, ofesala wa viza anatsegula fayilo tsamba ndi tsamba kuseri kwa galasi. Kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, tidziwa bwanji kuti mudzabwerako?"

Funso lomweli ndilo linagwetsa Sipanala ulendo woyamba. Ulendo uno analowetsa pepala pansi pa galasi.

"Awa ndi anthu khumi ndi anayi amene ndawayeza kale, akudikira njinga zawo. Wachitatuyo akufuna kukafika yekha pa ukwati wake mwezi wamawa. Komanso bambo anga salola munthu wina aliyense kugwira mabuleki a njinga yawo. Ndikachedwa ndi tsiku limodzi, adzabwera kuno kudzakufunsani inuyo."

Ofesala anayesa kubisa kumwetulira, koma zinakanika. "Pasipotiyo isiyeni," anatero.

Sipanala anatuluka mtima uli m'mwamba, poganiza kuti amulanda. Mlonda wa pachipata ndiye anamunong'oneza kuti, "Akaisunga ndiye kuti zikuyenda, mayi. Pitani mukachape zovala."

Patatha masiku asanu uthenga unalowa pa foni. Anakatenga envelopu ya pasipoti yake, ndipo analephera kudikira kuti akafike kunyumba. Anaing'amba pamsewu pomwepo. Viza inali itamatidwa pa tsamba lachisanu, nkhope yake yokwiya ija ili pakona! Nthungululu imene anaimba inaimitsa ogulitsa malonda mbali zonse za msewu. Ku shedi, anzake anamenya zitsulo ndi nyundo mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Masiku otsalawo anali a chipwirikiti chokoma. Aphunzitsi anamulembera pa kakhadi nambala za ndege ziwiri, chipata chosinthira ndege ndi maola asanu ndi awiri odikira pakati pa ulendo. Anamubwereka jekete lokhuthala, nasunga mapepala onse pawiri, ena m'chikwama, ena pa foni. Bambo ake anamuperekeza mpaka pa khomo la bwalo la ndege, akupalasa okha.

"Ukawauze kuti yoyamba ija inkakhota," anatero bambowo. "Usakabise."

Sanabise. Ku msonkhano kuja anayamba ndi mantha, womasulira akumudikira, koma atayamba kufotokoza mmene felemu yotayidwa imasandukira miyendo ya munthu, mantha anathawa. Holo yonse inaimirira. Anabwerako pa tsiku lenileni limene analonjeza, atanyamula mapulani a mabuleki atsopano, ndipo lero akuphunzitsa amayi asanu ndi mmodzi ntchito yake. Mkwati uja anafika yekha pa ukwati wake.

Owerenga anzanga, mawu oti "ayi" samaliza nkhani ya munthu. Akakukanani, lirani pang'ono, pukutani misozi, funsani chimene chasowa, mubwererenso. Mtima wanuwo musautaye, ulendo ukadalipo.