Kabichi wa Paukwati wa Mlongo Wanga

Chaka chimene mlongo wanga ankakwatiwa, bambo analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti kabichi yense wa paukwati achokera ku dimba kwathu, kumunsi kwa phiri, mbali ya ku Mvera. Sanali munthu wobweza mawu. Ine ndinali nditangoyamba uphunzitsi, matama ali tho.

Kutatsala milungu itatu, mbozi zinalowa m'dimbamo. Bambo ananditengera komweko, natembenuza tsamba limodzi.

"Taonani, aphunzitsi. Pamwamba simungaione. Imadya kunsi, n'kusiya kachikopa kopyapyala koonekera."

Kanali kambozi kobiriwira, kosafika ndi pa kamtengo ka machesi. Ukakakhudza kankaphiriphitha, n'kudziponya kakulendewera pa ulusi. M'mawa uliwonse bambo ankaziphwanya ndi zala, tsamba ndi tsamba, kenako n'kuwaza madzi a tsabola ndi sopo.

Zinandinyansa. Mkulu wa mpingo wathunthu kumakwawa m'matope ngati nkhuku yotola chiswe? Ndinawauza kuti zimenezo n'zachikale. Anangoseka.

Lachitatu la sabata ya ukwati, iwo atapita kutchalitchi, ndinatenga botolo la mankhwala otsala a fodya. Zolemba zake zinali zitafufutika, koma ine ndinati mankhwala ndi mankhwala basi. Ndinathira ochuluka, n'kupopera mpaka masamba kuchucha. Mbozi zinafadi, ati kuyoyoka kwake! Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Lachisanu amayi atadula mutu woyamba wa kabichi, fungo linadzaza khitchini yonse. Anatsuka katatu, osatheka. Bambo ananunkhiza, nandiyang'ana kamodzi kokha.

"Uyu sitingadyetse anthu."

Tinakwirira mitu yonse m'dzenje, kuopa kuti mbuzi zingadye.

Paukwati anthu anadya mpunga wopanda masamba. Azakhali a mkwati anafunsa mokweza dala: "Nanga kabichi wotchuka uja ali kuti?"

Bambo anaimirira, navula chipewa. "Pepani, akuchimuna. Ndinasokoneza mankhwala ndine. Ukalamba uwu."

Anthu anaseka. Ine ndinali pomwepo, m'suti yanga yatsopano, supuni ili m'manja. Kunali kungodzuka n'kunena kuti ndine. Sindinadzuke, ndipo manyazi ake amandiwotchabe mpaka lero.

Chaka chotsatira palibe anagulanso ndiwo za m'dimba la bambo, ndipo iwo analisiyira msuweni wanga. Nkhaniyo sanaitchulepo kwa ine ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkangoti ndidzawapepesa ndikadzapeza mpata wabwino. Mpaka tinawaika m'manda, mudzi wonse unkawadziwa kuti ndi mdala uja anatsala pang'ono kupha anthu paukwati wa mwana wake.